Chitowe chathu chinabwerera pa Liwonde

Ine mawu anga ndi aakulu, ndipo sindinapepesepo kwa munthu chifukwa cha zimenezo. Ndikaima pakhomo panga kuno ku Utale n'kuitana mbuzi zanga, za eni ake kutsidya kwa Rivirivi nazo zimatukula mitu. Kulemba kokha ndiye kumandivuta. Ndinakuphunzira ndili kale ndi ndevu, pa msika wa thonje, chifukwa chotopa ndi kudinda chala ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi yakuba. Choncho mundipirire, ndilemba momwe ndimayankhulira.

Ana aamuna ndinabereka atatu. Wamkulu ali ku Joni, ndipo nditakumana naye pamsewu lero sindikudziwa ngati ndingamuzindikire. Wachiwiri anapita komweko, n'kubwera m'bokosi lokhomedwa, m'kangolo kokokedwa ndi minibasi, pamodzi ndi mafiriji ndi njinga za anthu ena. Sitinathe n'komwe kumusambitsa bwino monga chipembedzo chathu chimafunira. Wotsala anali mzime wanga, munthu wamtali, wosayankhulayankhula, wotengera amayi ake. Nayenso Joni anakalawako kamodzi, anabwezedwa, n'kukwatira kutsidya kwa mtsinje. Ankagona kwa akazi ake, koma kulima ankalima ndi ine, munda womwe ndinaswa ndekha ndi nkhwangwa ndili mnyamata.

Chaka chimene ndikunenachi chimanga chinapsa chisanamasule. Tsiku lina ndinamupeza mwanayo pansi pa mango akumata chubu cha njinga, ndipo osandiyang'ana anati, "Ababa, mwezi ukaoneka ndikubwerera ku Joni."

Ndinafuula mpaka nkhuku zinabalalika. "Ukalowe m'dzenje lomwe linameza mkulu wako? Munda uwu ndiwusiyire ndani, anyani?"

"Nanga ndikhale ndizidya chiyani, Ababa? Mawu anuwo?"

Anandiyankha choncho, mwana wobereka ndekha. Ndinangomenya ndodo pansi n'kuchokapo.

Mwezi usanaoneke, alangizi athu a zaulimi anaitanitsa msonkhano pa sukulu. Anabwera ndi anthu awiri. Wina anali bambo wa kampani ina yogula mbewu, wovala nsapato zosongoka, ndipo ndi yemwe amamasulira. Wina anali mayi wa ku Tchaina, wamfupi, wa chipewa chachikulu ngati lichero. Matchaina tinkawadziwa a misewu ndi a m'masitolo, ogulitsa mapulasitiki ndi matochi. Woti wabwera kudzagula kwa ife, ameneyo tinali tisanamuonepo.

Alangizi anati kwawo kwa mayiyu kuli anthu ochuluka kuposa momwe mutu wa munthu ungaganizire, ndipo minda yawo siikwana. Akufuna soya, mtedza, tsabola wouma, ndipo ena ayamba kufunsa za ufa wa malambe woti azisungunula m'madzi n'kumamwa. Koma kuno kwathu kouma, anati, chomwe tingapambane nacho ndi chitowe. Tinaseka. Chitowe ife tinkachiwaza m'mphepete mwa munda, cha amayi chotendera ndiwo ndi chopangira timaswiti ta ana. Mayi uja ataona tikuseka anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi. Botolo la mafuta ofiirira. Chiponde chonga cha mtedza. Phala lakuda bii lomwe akuti nkhalamba za kwawo zimamwa m'mawa. Kenako anationetsa gogo wina wa tsitsi loyera ataima m'khitchini yopapatiza, akudontheza mafuta aja m'mbale. Womasulira anati, "Awa ndi amayi awo. Akuti chakudya chopanda mafuta a chitowe sachiyesa chakudya."

Ndinaimirira. Ine pamsonkhano sindikhala pansi nthawi yaitali. "Muwauze mayiwa kuti amayi awowo adya chitowe cha m'munda mwanga! Muwauze kuti wanena ndi ine!"

Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, munthu wa pakamwa poterera, anandikoka mkanjo. "Alamu, tsitsani mawu, mlendoyu akuyesa mukumulalatira."

Wina kumbuyo anati, "Asiyeni, sakuuza mlendoyu ayi. Akuuza gogoyo mwini wake ku Tchaina komweko, kuti tisaononge mayunitsi."

Anthu anafa nacho chiseko, nayenso mayi uja anaseka atamasuliridwa, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Tsiku lomwelo tinapanga kalabu, ine n'kukhala wapampando. Panalibe woti angapikisane nane.

Madzulo ake ndinaoloka mtsinje kupita kwa apongozi a mwana wanga, chinthu chomwe sindichita wamba. Ndinamuitanira mwanayo pambali. Ndinati, "Undipatse dzinja limodzi. Chitowe chikapita ku Tchaina, ogulawo n'kunena kuti abweranso, ukhala. Chikakanika, ndidzakuperekeza ndekha."

Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Dzinja limodzi, Ababa."

"Limodzi. Mulungu akumva."

Ndinene zoona, dzinja limenelo linali lokoma kuposa ambiri omwe ndaona. Mvula inali ya apo ndi apo, koma chitowe sichidandaula ngati chimanga. Mwana wanga anasintha. Iye ndi amene ankapita ku maphunziro ku Balaka, n'kubwera kudzatifotokozera. Anatiphunzitsa kudzala m'mizere m'malo mowaza, titasakaniza mbewu ndi mchenga kuti isathothoke yambiri pamodzi. Ine ndinatsutsa, monga mwa khalidwe langa, koma chitamera ndinaona ndekha kuti mwanayo akudziwa. Chitachita maluwa munda wonse unayera, njuchi zili ng'waa, ndipo anthu opita ku siteshoni ankatsika panjinga kuti aone. Ndinkaima m'mphepete mwa njira n'kumawauza, afunse asafunse, kuti ichi n'cha ku Tchaina. Nkhani ya Joni inazilala. Mwanayo anayamba kukamba zoumba njerwa.

Malamulo a ogula anali omveka, ndipo tinawasunga. Osayanika pa dothi. Tinamweta makoko akungoyamba kuchita chikasu, tinamanga mitolo, tinaiimika pa zitsatsa, ndipo itauma tinkaizondotsa pamwamba pa lona n'kumaigogoda ndi kamtengo, mbewu ikuwayawaya ngati mvula ya pa malata. Mchenga ayi, timiyala ayi. Ndipo lamulo lomwe alangizi ankalibwereza mpaka kutopetsa linali ili: musathiremo mankhwala a m'sitolo, aja a ufa timathira m'chimanga. Anati ku Tchaina ali ndi makina onunkhiza, akangopeza kafungo ka mankhwala katundu yense amabwezedwa. Tinamva. Palibe anathira.

Tsiku losoka matumba mwana wanga kunalibe. Anali ku Liwonde kukakambirana za lole, ndipo mwini lole anamugoneka komweko. Mabanja onse a m'kalabu anasonkhanitsa chitowe pakhomo panga, popeza ndi pomwe pali khonde lalikulu la simenti. Tikuthira m'matumba, mlamu wanga anafunsa, "Kodi alamu, inu odziwa zonse, ku Tchainako katunduyu akafika liti?"

Ndinamuuza zomwe ndinamva. Kuchoka pa Liwonde alowa m'kontena, kontena ipita ku doko la ku Mozambiki, kumeneko idikira sitima ya pamadzi, ndipo panyanjapo ndi miyezi.

Akazi anga anasiya kupeta. Iwo sayankhula pagulu, koma tsiku limenelo anati, "Miyezi? Abambo, chitowe changa cha mu mtsuko ndikachisiya chopanda kanthu, chisanu chisanathe mumakhala mutalowa njenjete, chonse n'kumangana ulusi. Nanga m'chitsulo chotentha, pamadzi?"

Aliyense ankaganiza chimodzimodzi. Ine m'maso mwanga munabwera gogo uja wa pa foni, akumasula thumba lochokera ku Utale, n'kupeza mphutsi zikuyendayenda. Ndinali nditalonjeza pamaso pa anthu. Munthu sutumiza chakudya kwa mlendo wakutali osachiteteza, si ulemu umenewo. Mankhwala atiletsa, chabwino. Koma makolo athu ankasunga mbewu mankhwala a m'sitolo kulibe. Amayi anga ankafikisa masamba a nimu m'manja n'kuwayala pakati pa mbewu, ndipo nandolo wawo ankafika dzinja lina wosabooka ngakhale kamodzi. Pakhomo lililonse kuno pali mtengo wa nimu. Ndi umene timathawira dzuwa, ndi umene timamwa malungo akatigwira.

Ndinati, "Thyolani nimu."

Mayi wina wamasiye, wochenjera ndithu, anati, "Koma ambuje, mwana wanu uja sanati musaikemo kanthu?"

"Anati mankhwala a m'sitolo! Nimu munamugula sitolo iti, chemwali? Ali ndi pepala la mtengo?"

Anthu anaseka, nayenso anaseka, ndipo anali woyamba kupita kukathyola. Sitinachite mobisa. Linali dzuwa la masana, anthu onse alipo, ashehe athu akudutsa anatipatsa salamu n'kutiyamikira kuti tikugwira ntchito yaukhondo. Masambawo tinawafotsa padzuwa, tinawafikisa bwinobwino kuti mphamvu yake ituluke, ndipo m'thumba lililonse tinayala pansi, pakati ndi chakumtunda, kenako chitowe choyera pamwamba, n'kusoka. Tinagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ngati tikukonzera mwana wathu kamba wa paulendo. Mwana wanga atabwera ndi lole anapeza matumba osokedwa kale, ooneka bwino, ndipo anati, "Mwagwira ntchito, Ababa." Za nimu sindinamuuze, osati pobisa, koma chifukwa kwa ine sinali nkhani. Kodi munthu amauza mnzake kuti watseka chitseko potuluka?

Ndinavala mkanjo wanga woyera wa pa Idi ndi kofia yatsopano, ndipo ndinakwera kutsogolo kwa lole. Mlamu wanga ndi mwana wanga anakhala pamwamba pa matumba. Msewu wathu mukuudziwa, matumbawo anagwedezeka njira yonse, ndipo masamba ouma aja anafumbutuka n'kusanduka tizidutswa.

Pa Liwonde panali shedi yaikulu ya malata, malole ena ali pamzere. Itafika nthawi yathu, kalaliki anabwera ndi chitsulo chosongoka chobowola pakati, chomwe amabaya nacho thumba kuti aone za m'kati. Anabaya loyamba, n'kukhuthulira m'dzanja. Pakati pa chitowe choyera panali tobiriwira. Ananunkhiza. Anabaya lachiwiri, lachitatu, anakwera pamwamba n'kubaya la pakati. Kenako anaitana bwana wa nsapato zosongoka uja, ndipo iye anaitana mayi wa ku Tchaina.

Mayiyo anandizindikira, anamwetulira, n'kundigwiranso chanza. Kenako anatapa chitowe, anaponya mkamwa n'kutafuna. Ndinaona nkhope yake ikukwinyika. Sanalavule pamaso panga, anatembenuka kaye.

Mwana wanga anafunsa, "Ababa, ichi n'chiyani?"

"Ndi nimu! Nanga chikanafika bwanji chosafumbwa? Afunseni mayiwa ngati amayi awo amadya mphutsi!"

Womasulira anayankhula ndi mayi uja kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine. Sanandinyoze, zimenezo ndisawanamizire. Anati mayiwo amva chifukwa chake, ndipo akuti kwawonso akuluakulu akale anali ndi masamba awo osungira mbewu. Koma kontena isanatsekedwe iwo amaifukiza ndi mpweya wopha tizilombo, wololedwa ndi boma la kwawo, choncho za njenjete sizinali zoti ife tide nazo nkhawa. Anati pa doko la ku Tchaina akapeza masamba a mtengo m'katundu, amaopa matenda a mbewu, ndipo amakana kontena yonse, ndi chitowe cha alimi ena osalakwa chomwe. Ndiponso chitowe chimayamwa fungo. Mafuta ake akhala owawa, ndipo palibe angawagule.

Ndinafuula. "Nanga za mpweya wanuwo munatiuza liti? Munatiuza zoletsa zokhazokha! Ichi ayi, ichi ayi! Munatiuza kuti inuyo mudzachiteteza bwanji? Ife tikanalota?" Mawu anga anadzaza shedi yonse, malata akuchita kulira. Onyamula matumba anaima. Madalaivala a malole ena anabwera kudzaonerera.

Pamenepo mwana wanga anandigwira pamkono n'kunena, "Ababa, khalani chete."

Chibadwire chake anali asanandiuzepo mawu amenewo. Sanakweze mawu, koma onse anamva. Ndinakhala chete.

Iye ndi amene anapempha. Anati tikapete, tikasefe, tibweretsenso. Bwana uja anati kontena ikutsekedwa sabata yomweyo chifukwa sitima siidikira munthu, koma tikayese, ngati chiyera adzaona. Tinabwerera ndi katundu wathu pa lole yomweyo. Panjira mlamu wanga, amene sakhala osaseka ngakhale pamaliro, anayesa kuti, "Basi alamu, chitowe chathu chaona Liwonde, ena amafa osamuona." Palibe anaseka. Pofika kumudzi anthu anatithamangira akululuta, poyesa tabwera ndi uthenga wabwino, kenako anaona matumba.

Azimayi anapeta mpaka mikono kutupa. Koma nimu wofumbutuka amalemera chimodzimodzi ndi chitowe, mphepo ikachotsa iye imachotsanso mbewu. Tinasefa, tina tinatola ndi zala, akazi anga atawerama pa lichero mpaka maso kufiira. Chinayera ndithu pochiona. Ukachitafuna, kuwawa kuli pomwepo, kumbuyo kwa lilime. Mwana wanga anapita nacho cha m'kathumba ku Liwonde, n'kupeza kontena inadzazidwa kale ndi chitowe cha alimi a ku chigwa cha Shire. Chathu chinathera kwa mavenda a masikelo opachika pamtengo, omwe anamva nkhani yonse ndipo anatigula ngati akutichitira chisoni. Bwana wa kampani anati za chaka chamawa tidzamva. Sitinamve. Galimoto yake ndinaiona kamodzi ikudutsa kupita kwa Kalembo, komwe akuti anapeza kalabu ina.

Pali ena amafuna ndiime pa mzikiti ndinene kuti ndinalakwa. Sindinena. Tonse tinathyola nimu, ndipo tinathyola pofuna kuti munthu wa kutali adye chabwino. Amene anabwera ndi malamulo akanatiuza zonse, osati theka. Munthu ukamuletsa njira yomwe akuidziwa osamuonetsa ina, amabwerera ku ya makolo ake. Ndipo musamve ngati ndikuti msika wa ku Tchaina ndi bodza. Iyayi. Ulipo, ndauona ndi maso anga, malole ali pamzere. Anthu akumanga nyumba za malata ndi chitowe chomwechi. Amene mukulima, limani, ndipo mufunse chilichonse, ngakhale chooneka chopusa, mpaka alangiziwo atope nanu. Ife khomo linatseguka kamodzi, tinafika pakhomo penipeni, n'kubwerera.

Kalabu inatha yokha, popanda kukangana. Anthu amandipatsabe moni. Mayi wamasiye uja amandipatsa moni waulemu kwambiri kuposa kale, ndipo umenewo ndi umene umandipweteka.

Mwana wanga sananditchulirepo za nimu, ngakhale kamodzi. Akanakhala wolalata ngati ine, tikanalalatirana n'kuthana nazo. Iye anangokhala phee, akugwira ntchito zake. Njerwa zomwe anaumba anazigulitsa zosaotcha. Lachisanu lina titatuluka ku Juma anayenda nane mpaka kunyumba, anakhala pa mpasa, anadikira amayi ake abwere, n'kunena kuti wapeza malo m'galimoto ya munthu wina wotengera anthu ku Joni, ndipo anyamuka Lolemba.

Ndinati, "Dzinja linanso limodzi. Tsopano tadziwa. Tipita tokha kwa Kalembo tikalowe kalabu ya kumeneko, ine ndikhala membala wamba, sindiyankhula."

Anamwetulira pang'ono. "Inuyo osayankhula, Ababa?"

"Ndalumbira!"

"Tinapangana limodzi. Munati Mulungu akumva." Anayang'ana amayi ake, kenako pansi. "Kunyumba kuja ndi oyembekezera. Sindingadikire kuti mwina."

Za pathupipo ndinazimva tsiku limenelo. Amayi ake ankadziwa kale, ndipo ankalira mosatulutsa mawu, atagwira mpango pakamwa.

Ndinalonjeza kuti ndidzamuperekeza ndekha, ndipo ndinamuperekeza. Tinapita pa njinga ziwiri mpaka pa Balaka, chikwama chake chili pa keliyala yanga. Galimotoyo inali itaima kuseri kwa sitolo ina, yodzaza anyamata, ena ang'ono kwambiri moti ndevu sizinamere. Ndinamugwira mutu n'kumuwerengera dua yomwe ndimaidziwa. Iye anandipatsa kiyi wa loko wa njinga yake n'kunena kuti ndikaisiye kwa akazi ake, azipitira ku sikelo. Pobwerera ndinapalasa yanga, inayo ndikuikoka ndi dzanja limodzi, ndipo pa mchenga ndinkatsika n'kumakankha zonse ziwiri.

Mwana anabadwa, wamkazi. Bambo ake amuona pa foni pokha. Amaimba mwa apo ndi apo, akuti akugwira ntchito yotsuka magalimoto, ndipo amagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi. Ndikamufunsa kuti ubwera liti amati, "Tiona, Ababa," monga ankanenera mkulu wake zaka zoyambirira.

Mvula ya chaka chino yagwa msanga. Ndinatenga khasu kupita kumunda, ndinalima mizere ya kufupi ndi njira, msana n'kukana. Ndinakhala pa chitsa n'kuyang'ana mbali ya kumtsinje, komwe nthaka ndi yakuda, komwe tinkalima awiri. Udzu wafika kale m'mawondo. Dzulo ndaitana mlamu wanga ndamuuza kuti mbali imeneyo apatse mkamwini wake alime. Anafunsa kuti azindipatsa chiyani pokolola. Ndati asandipatse kanthu, bola tchire lisalowe.